Lesieli ndi Kambedza Kake

Pa chilumba chathu cha ʻUiha, aliyense amene sanapitirire zaka makumi awiri ndi zisanu anakandidwapo pamsana ndi chala cha Lesieli. Ndi mmene ankayambira kuphunzitsa kulemba. Mwana wa zaka zinayi akafika tsiku loyamba ku sukulu ya mkaka ya mpingo, mamina ali chuchuchu, Lesieli sankamupatsa pensulo. Ankamutembenuza n'kulemba chilembo pamsana pake pang'onopang'ono, mwana akudzipotokola ndi kuseka, kenako ankati, "Kalembe chomwecho pamsana pa mnzako." Kuchoka pamsana, mwana ankapita pamchenga wa m'thireyi yakale yophikira buledi. Kuchoka pamchenga ankapita pa tsamba la nthochi, pomwe Lesieli ankaboola timadontho ndi munga wa ndimu kuti mwana azitilondola ndi kamtengo. Pepala linali lomalizira, poti kuno pepala limabwera pa sitima, ndipo sitima imabwera ikafuna.

Ine ndine Meliame. Lesieli ndi mnzanga wa ku ubwana. Tinasiyira limodzi sukulu, tinakwatiwa chaka chimodzi, ndipo mpaka pano timalukira limodzi mikeka. Ndimamukonda, koma sindingamunamizire kufatsa. Ndi mayi wouma mutu, wa pakamwa posasefa, woti akanena kuti nsomba iyi yagona, ngakhale msodzi alumbire, iye sasintha. Setifiketi ya uphunzitsi analibe. Ntchitoyo anaitenga chifukwa panalibe wina woifuna, ndipo makolo ankamuthokoza ndi dengu la zilazi kapena nsomba, chaka chikakhala chabwino mwendo wa nkhumba.

Zilembo za chinenero chathu zilipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chomalizira, fakauʻa, ndicho chinali mwana wapamtima wa Lesieli. Ana amangoti kambedza, poti kamaoneka ngati mbedza yaing'ono yolendewera m'mwamba, ndipo ntchito yake ndi kukola mpweya pakhosi usanatuluke. Lesieli ankawagwiritsa ana pakhosi kuti amve pamene kambedza kakola. Ankati chilembo chimenechi sichilira, koma chikasowa mudzi wonse umamva.

Anali ndi chifukwa chake. Ali mtsikana, chibwenzi chake Taniela ankagwira ntchito pa sitima ya katundu. Lesieli anamulembera kalata yoyamba m'moyo wake, n'kutseka ndi ʻofa atu, mawu amene tonse timatsekera nawo kalata, oti chikondi changa chikupeze. Tsoka ilo, kambedza anakaiwala. Ofa yopanda kambedza ndi mkwamba, muyeso uja wotambasula manja poyeza chingwe. Anzake a Taniela analanda kalatayo n'kuiwerenga mokweza. "Achimwene, mtsikana wanu wakutumizirani mkwamba! Wa chingwe kapena wa nsalu?" Taniela anatsika sitima ali ndi dzina latsopano, ndipo anakhala Mkwamba mpaka matenda a shuga anamutenga. Pamaliro pake penipeni ena ankaiwala n'kumati malemu a Mkwamba. Mwini wake sankadandaula, ankangoseka. Lesieli ndiye sanadzikhululukire.

Mavuto anayamba ndi namondwe wa zaka zitatu zapitazo, amene anasasula denga la holo ya mpingo momwe ana ankaphunziriramo. Tinakoka lona pamwamba pa mitengo yotsala. Dzuwa likawala m'katimo munkatentha ngati mu uvuni, mvula ikagwa ana ankaunjikana pakona imodzi. Mdzukulu wanga ʻOfa, mwana wa mwana wanga Sāmiu amene amathyola zipatso ku Australia, anayamba chifuwa chosatha. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti denga silinali nkhani yamasewera kwa ine.

Kenako kunabwera Losaline, mtsikana wa ntchito wa bungwe lina lothandiza sukulu za mkaka. Ndi mwana wa ku Tonga konkuno koma wokulira ku Auckland, waulemu, womangirira bwino mkeka wake wa mwambo m'chiuno kuposa ana athu okulira pakhomo. Anakhala pansi ndi komiti yathu ya anthu asanu, imene wapampando wake ndi a ʻInoke, mkulu wa mpingo, ine ndili membala wamba. Analonjeza malata, thanki ya madzi a mvula, ndi mabuku ophunzirira kulemba. Mabuku anayamba kufika, malata anati abwera akaona kuti mabuku akugwiritsidwa ntchito. Tinamuphera kankhumba, tinaimba, a ʻInoke anapemphera mpaka nyama inazizira.

Mabukuwo anali okongola, sindikana. Tsamba lililonse chilembo chake cha timadontho ndi chithunzi pambali, kuseri kopanda kanthu. Zilembo zinali makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, za Chingerezi. Mwana aliyense analinso ndi pepala lake lolimba, dzina lake litalembedwa m'timadontho kuti azililondola.

Tsiku lotsegula makatoni ndinalipo. Lesieli anatenga mapepala a mayina n'kumawayang'ana limodzilimodzi, kenako anandiitana.

"Meliame, tabwera. Werenga ili."

"ʻOfa."

"Usawerenge za m'mutu mwako, werenga zili papepala."

Ndinayang'ananso. Kambedza panalibe. Pa ʻAna panalibe, pa ʻIsileli panalibe, Maʻata anali atasanduka Maata ngati kulira kwa mbuzi. Mwa ana khumi ndi asanu ndi anayi, asanu ndi atatu anali atabedwa chilembo.

"Ndi kanthu kakang'ono, Lesieli," ndinatero.

"Diso lakonso ndi laling'ono. Ndilikolowole?"

Masana omwewo anatenga bolopeni yake ya buluu n'kudontheza kambedza pa dzina lililonse lolumala, timadontho tinayi tokhota bwinobwino. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani itafera m'mazira. Koma Lesieli sadziwa kulekeza. Anamasula mabuku onse, n'kuchotsa masamba a zilembo zimene pakamwa pathu mulibe, B, C, D, mpaka Z. Ena anawatembenuza, kuseri n'kudonthezako kambedza ndi chilembo chathu cha ng, n'kuwasokereranso ndi ulusi wowedzera nsomba pamalo pake. Otsala anawasunga m'chitini cha mabisiketi, nati ana adzawapeza akadziwa kulemba mayina awo. Ndinamuuza kuti mabuku si ake. Anandiyankha kuti mayinanso si a bungwe.

Patapita miyezi itatu Losaline anabweranso, kudzajambula zithunzi ndi kutenga mabuku asanu okaonetsa akuluakulu ake. Anatsegula loyamba, lachiwiri, lachitatu, nkhope ikugwa.

"Amayi, mabukuwa atani?"

"Ndawakonza, mwanawe. Anabwera odwala."

"Nanga mayinawa? Munawalemba ndi bolopeni, sitingafufute."

"N'chifukwa chake sindinalembe ndi pensulo."

Losaline anafotokoza mwaulemu kuti sanachite dala, kompyuta imene imasindikiza mayina m'timadontho imakana chizindikirocho, ukachiika imachilavula.

"Ndiye kompyutayo ibwere Lolemba," anatero Lesieli. "Ikhale kutsogolo pamkeka ndi anzake, ndiiphunzitse. Ana ouma mutu ndimawatha."

Ine ndinaseka, Losaline sanaseke. Madzulo ake anaitana komiti popanda Lesieli. Anati mabukuwa ndi amodzimodzi m'zilumba zonse, ndipo amene amapereka thandizo amafuna kuona mwana akulemba A mpaka Z motsatana. Anatinso ana athuwa mawa adzakwera ndege kukafuna ntchito kumene kambedza sikadziwika, choncho Chingerezi n'chowathandiza iwo omwe. Pamenepo sananame, mwana wanga yemwe ali komweko. Ndiye anayala njira ziwiri. Lesieli alonjeze pamaso pa komiti kuti atsatira mabuku atsopano mmene alili, osawonjezera kanthu, apo ayi bungwe libweretsa mtsikana wa setifiketi kuchokera ku tauni ya Pangai. Tikakana zonse ziwiri, malata apita ku chilumba china.

M'mawa mwake ndinapita kukamutsina khutu mnzanga. Ndinamupeza akuluka mkeka, ndinakhala mbali yanga n'kuyamba kuluka naye.

"Lesieli, tamvera. Ungovomera ndi pakamwa. Mtsikanayu amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Akakwera sitima uzichita zako."

"Ndiname m'holo ya Mulungu, ana akusuzumira pawindo?"

"Si bodza, ndi nzeru."

"Nanga akabwera ndizibisa mapepala pansi pa mkeka ngati mbava? Ndiziuza ana kuti lero tilemba dzina lonama poti kwabwera alendo? Mwana wa zaka zinayi amakhulupirira timadontho, Meliame. Ukamuikira timadontho, amadutsa momwemo moyo wake wonse."

"ʻOfa akutsokomola usiku wonse. Iwe ukuganiza za kachilembo."

"Ndikuganiza za ʻOfa yemweyo. Ukufuna adzalembere bambo ake kuti ine mwana wanu Mkwamba?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti manyazi a kalata yake ya utsikana asatidyetse mvula tonse. Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndinadziwa atangotuluka. Lesieli anangokoka mlaza wake mwamphamvu mpaka unaduka, ndipo tinapitiriza kuluka mpaka dzuwa linafika pamutu.

Msonkhano unachitika Lachinayi masana pansi pa lona. Ngakhale unali wa komiti, makolo anadzaza mpaka panja, poti pachilumba nkhani imayenda kuposa boti. A ʻInoke anaima, nakonza mkeka wao wa m'chiuno, nayamba ndi mawu ofewa. Anayamika ntchito ya Lesieli. Kenako anatembenuka.

"Koma abale, mpemphi sakulitsa chitete. Anthu atipatsa mabuku, ife tiwang'ambe? Ndiponso tinene zoona, kambedzaka ndani amakalemba masiku ano? Pafoni tonse timakadumpha, ndipo timamvana bwinobwino. Ine ndemwe dzina langa lili nako, koma akakaiwala sindifa."

Anthu ena anagwedeza mitu. Lesieli anadzuka osapempha mwayi, anatenga choko, n'kulemba mawu awiri pa bolodi, akuluakulu: tuʻi, pansi pake tui.

"A ʻInoke, Lamulungu lapitali munapemphera kwa Mfumu ya mafumu, tonse tinati ameni. Mfumu ndi iyi yapamwambayi. Tawerengani yapansiyi, yopanda kanthu kakang'ono kaja."

A ʻInoke anayang'ana bolodi, kenako anagwetsa maso pansi.

"Mwaiwala magalasi? Ndikuwerengereni. Bondo. Ndiye Lamulungu likubwerali mudzatitsogolere kwa Bondo la mabondo, poti timamvana bwinobwino."

Holo inaphulika ndi kuseka. Amayi anagwirana mapewa, anyamata a panja anagubuduka, ngakhale Losaline anabisa pakamwa ndi dzanja. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona makutu a a ʻInoke ndipo ndinadziwa kuti mnzanga wadzipha yekha. Munthu wamkulu akhoza kukukhululukira mabuku ong'ambika, koma osati kusekedwa pamaso pa apongozi ake.

Phokoso litatha, Losaline anayesa kumuponyera chingwe. "Amayi, palibe amene akukana kuti mumadziwa ntchito. Tikungopempha kuti mulonjeze."

"Ndilonjeza ichi," anatero Lesieli. "Mwana akalemba dzina lake lathunthu, ndimupatsa B wanuyo, ndi Q yemwe, ngakhale sindidziwa kuti amadya chiyani. Koma sindigwira dzanja la mwana n'kulidutsitsa m'dzina lolakwika. Dzanja limenelo makolo ake anandibwereka."

"Lamulo silikulola kusintha mabuku, amayi. Si ine ndinalipanga."

"Ndikudziwa, mwanawe. Iwenso anakuikira timadontho."

A ʻInoke anati zokamba zakwana, komiti ikweze manja. Ofuna mphunzitsi watsopano. Dzanja lao linakwera loyamba, la mlamu wao linatsatira. Amayi awiri enawo anapinda manja pachifuwa, kuyang'ana pansi. Awiri kwa awiri, ndipo maso onse anagwera pa ine. Kunja kunali kutayamba kuwaza, madontho akugogoda pa lona, ndipo pakona paja pankadontha nthawi zonse panayamba kudontha. Ndinakweza dzanja. Sindinakakamizidwe ndi munthu, ndipo sindinganene kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinasankha malata.

Lesieli anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, koma mmene amayang'anira mwana amene walemba chilembo chagada. Zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Mawa lake panafunika kuti Lesieli apereke makiyi a kabati ndi kusayina kalata yosiyira ntchito. Losaline anailemba yekha m'chinenero chathu pa kompyuta yake, mothamanga poti sitima inali yonyamuka masana, n'kukaisindikiza kwa abusa. Tinakumana anayi m'holo: iye, a ʻInoke, ine ngati mboni, ndi Lesieli atavala diresi lake la ku tchalitchi. Ana anali atauzidwa kuti kulibe sukulu, komabe ena anabwera n'kumazungulira panja.

Lesieli anavala magalasi, anayala kalata patebulo, natulutsa bolopeni. Tonse tinkaganiza kuti asayina. Iye anayambira pamwamba penipeni. Losaline, mwana wokulira kunja, kambedza ena anaika, ena anadumpha, ndipo Lesieli anayamba kubwezeretsa kamodzikamodzi. Anakonza ʻUiha. Anakonza Haʻapai, dzina la zilumba za dera lathu lino. Anatsika mzere ndi mzere, osafulumira, lilime lili pakona pa mlomo monga amachitira ana ake.

"Mayi, sitima sidikira," anatero a ʻInoke.

"Dikirani, ndafika pa dzina lanu. Mwati simufa, koma ine sindingakusiyeni wolumala."

Losaline anali atagwira m'mutu ndi manyazi. Ine ndinaima kumbuyo kwa mnzanga, kuwerenga modutsa paphewa lake, ndipo ndinaona bolopeni itaima pa ndime yomalizira, yothokoza. Losaline anafuna kulemba kuti mpingo ndi bungwe akuthokoza Lesieli chifukwa cha zaka makumi awiri zimene wathera pa ana a pachilumba. Chaka ndi taʻu. Iye analemba tau, ndipo tau ndi nkhondo. Kalata inkathokoza Lesieli chifukwa cha nkhondo makumi awiri.

Losaline anaziona nthawi yomweyo. "Pepani amayi, apo ndiye ndalakwitsa kwambiri. Bweretsani ndikonze ndekha."

Lesieli anaphimba liwulo ndi chala.

"Apa pasiye, mwanawe. M'kalata yonseyi, apa pokha ndi pamene mwalemba zoona."

Anasayina pansi ndi zilembo zake zozungulira bwino, naika makiyi pamwamba pa kalata, napinda magalasi. Chitini cha mabisiketi chija anachikankhira kwa Losaline, nati masamba onse ali momwemo, palibe limene anakulungira nsomba. Potuluka anaima pafupi ndi ine. Ndinakonzeka kulandira chilichonse, poti ndinkayenera.

"Denga mwalipeza, ndipo mwana asiya kutsokomola. Zimenezo n'zabwino," anatero motsitsa mawu. "Koma akaweruka kumeneko uzibwera naye kwathu. Nkhondo ya makumi awiri ndi imodzi ndiyamba Lolemba."

Ndinalira pomwepo, pamaso pa a ʻInoke, mayi wamkulu ndi imvi zanga. Lesieli sanandisisite. Anangoti ndipukute mamina, ana akuona.

Malata anabwera patapita milungu isanu, thanki pambuyo pake, ndipo mtsikana wa ku Pangai ndi mwana wabwino amene amachita zimene anauzidwa. Koma Lolemba lija, sukulu isanatsegulidwe n'komwe, ndinamugwira dzanja ʻOfa n'kupita naye kwa Lesieli. Ndinkaganiza kuti ndikapeza khonde litadzaza, poti anthu onse aja anaseka naye Lachinayi. Kuseka n'kosavuta. Makolo ambiri anaopa kukhumudwitsa a ʻInoke ndi bungwe malata asanafike, ndipo tinapeza ana awiri okha atakhala pamkeka, masamba a nthochi khumi ndi asanu ndi anayi atabooledwa kale timadontho, atasanjidwa pambali.

Lesieli anayang'ana kumsewu kanthawi, kuona ngati kukubwera wina. Kenako anawerenga ana ndi chala.

"Atatu," anatero. "Akwana. Khalani bwino, tiyambe."